Chigwa cha Dordogne kapena cha Célé?

Mukafika kumwera chakumadzulo kwa France muli ndi masiku owerengeka, zigwa ziwiri zimakukokani. Dordogne ndi chotchuka, ndipo sichidatchuke pachabe: linga lakale la Beynac lakhala pamwamba pa thanthwe, mudzi wa La Roque-Gageac wakanirira m'phedi moyang'ana madzi. Koma mu Julayi ndi Ogasiti anthu amachita kuthithikana, mabwato ali mbwee pamtsinje, poimika galimoto posowa.

Ine mtima wanga uli ku Célé, kamtsinje kodutsa ku Figeac, kwawo kwa Champollion, katswiri amene adatulukira kawerengedwe ka zilembo zakale za ku Iguputo, n'kukathira mumtsinje wa Lot. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota pansi pa matanthwe oyera. Ku Marcilhac-sur-Célé mumakhala pamthunzi wa mabwinja a nyumba ya amonke, n'kumangomva madzi akuyenda.

Chimene chimandikopa kwambiri ndi mapanga momwe anthu akale adajambula zithunzi pamakoma. Lascaux, wa m'dera la Dordogne, adatsekedwa mu 1963, ndipo alendo amaona chongofanizira. Ku Pech Merle, pafupi ndi Cabrerets, mumaima maso ndi maso ndi zithunzi zenizenizo: akavalo amawangamawanga, zikhatho za anthu akale zili pambali pawo. Amalola anthu 700 okha patsiku, choncho tikiti gulirani nthawi ilipo. Mabasi ndi ochepa kuno, mufunika galimoto kapena njinga.