Kosi ya Linux ija patatha chaka: zimene ndapindula ndi zimene zandiwawa

Lachiwiri lapitali m'mamawa foni inalira. Unali uthenga wa kubanki wondiuza kuti ndalama zachoka pa khadi langa, chonsecho sindinagule kanthu. Nditatsegula imelo ndinapeza risiti: kosi ya Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows) imene ndinalembetsa mu Malichi 2024 yadzilipirira yokha chaka china. N'chifukwa chake ndabweranso kudzamaliza nkhani imene ndinailemba kosiyo itangotha milungu itatu m'manja mwanga. Nthawi imeneyo ndinaiyamikira kwambiri, ndipo anthu ena anagula atamva mawu anga, choncho ndiyenera kuwauza zimene zinadza pambuyo pake.

Kwa amene simunaone zoyambazo, iyi ndi kosi ya pa intaneti yolipira pachaka, ya kampani imene sindiitchula dzina. Muli mavidiyo, timafunso todziyesera, komanso labu. Labuyo ndi makina enieni a Linux amene umalowamo pa browser n'kumalemba malamulo wekha pa terminal, zenera lolamulirapo kompyuta ndi mawu olemba. Chimene chinandikopa ndi labuyo, chifukwa Linux siphunzirika ndi maso okha, zala ziyenera kuzolowera.

Zabwino zilipo ndipo sindizibisa. Mphunzitsi salankhula mothamanga, ndipo akalakwitsa lamulo sadula vidiyo, amakonza inu mukuona. Gawo la ls, grep, find ndi ma pipe lili bwino. Za chilolezo cha mafayilo ndinazimvetsa tsiku limodzi, kuti kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndiye chmod 640 sinalinso manambala ongoloweza. Za makiyi a SSH, systemctl ndi journalctl nazo anazikonza bwino. Gawo la subnetting, kugawa netiweki m'zigawo zazing'ono, ndilo ndimalikonda kuposa onse: mpaka lero ndikaona /24 ndimadziwa kuti makina 254 akwanamo, ndikaona /26 ndi 62, osagwira pepala.

Vuto linayamba kumayambiriro kwa Julayi. Ndinali pa phunziro loika seva ya webusaiti, ndipo gawo loyamba linali kungolemba yum install httpd, lamulo louza yum, pulogalamu yokopera ndi kuika mapulogalamu ena, kuti iike sevayo. Ndinalemba, n'kudina Enter. M'malo moti iyambe kukopera, inalavula mizere yambirimbiri, pakati pake pali mawu akuti Could not resolve host: mirrorlist.centos.org, ndipo pansi pake Cannot find a valid baseurl for repo. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kalembedwe. Ndinabwereza katatu. Ndinatseka labu, n'kutsegula ina yatsopano, zomwezo.

Usiku umenewo ndinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 1 koloko. Poti uthengawo unkanena za kulephera kupeza dzina la seva, ndinayamba kukayikira netiweki ya labuyo. Ndinayesa ping 8.8.8.8, lamulo loona ngati makina akutali akuyankha, inayankha bwinobwino, kusonyeza kuti njira yotulukira kunja ilipo. Ndinatsegula /etc/resolv.conf, adiresi ya DNS, seva yosandutsa mayina a mawebusaiti kukhala manambala, inalimo. Ndinayesa ping ku dzina la webusaiti ina, nayonso inayankha. Apa mutu unaima. Intaneti ilipo, DNS ikugwira, koma dzina limodzi lokhalo silikupezeka. Kenako ndinayesa dzina lomwelo pa laputopu yanga, kunja kwa labu, ndipo nakonso silinapezeke. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti vuto silili mwa ine, sililinso mu netiweki ya labu. Dzinalo linali litachotsedwa kwa aliyense.

Chifukwa chake sichinali chachinsinsi. Makina onse a labu anali pa CentOS 7, mtundu wa Linux umene unatuluka mu 2014 ndipo nthawi yake yothandizidwa inatha pa 30 Juni 2024. Tsikulo linalengezedwa zaka zambiri lisanafike. Litangodutsa, eni ake a CentOS anazimitsa seva imene yum inkafunsako malo otengera mapulogalamu, ndipo mafayilo akalewo anasungidwa ku vault.centos.org. Aliyense wogulitsa maphunziro a kayendetsedwe ka seva ankayenera kulidziwa tsiku limeneli ngati mmene amadziwira tsiku lolandira ndalama zathu.

Kukonza kwake n'kosavuta ukadziwa. Umatsegula fayilo ya CentOS-Base.repo mu /etc/yum.repos.d, umaika # kutsogolo kwa mizere ya mirrorlist, umachotsa # pa mizere ya baseurl, n'kusintha adiresiyo kuti iloze ku vault. Ukatero yum clean all, basi, yayambanso kugwira. Nditaona httpd ikulowa ndinaimirira pampando ndi chimwemwe, ngakhale kunali kutada zedi.

Chimwemwecho sichinachedwe kutha. Labu ya kosiyi imadzifufuta pakatha maola awiri, ndipo ukatsegula ina imabwera yatsopano, ili ndi matenda omwe aja. Ndiye phunziro lililonse lofuna kuika pulogalamu ndinkayamba ndi kukonza fayilo yomweyo. Patapita masiku ndinalemba mizere iwiri ya sed, lamulo losintha mawu mu fayilo, yochita zonsezo nthawi imodzi, n'kuisunga mu kafayilo pa kompyuta yanga. Koma zenera la labu nthawi zina limakana kumata zimene wakopera, ndiye ndinkailemba pamanja, chilembo ndi chilembo, ndipo ukangophonya slash imodzi fayilo yonse yasokonekera. Ndachita zimenezi kuyambira Julayi mpaka mwezi uno.

Ndinawalembera sabata yoyamba yomweyo. Ndinafotokoza vuto, ndinamata uthenga wonse wa yum, ndinawauza ngakhale kakonzedwe kake. Patapita masiku anayi anayankha kuti ndiyese browser ina ndiponso ndione ngati intaneti yanga ili bwino. Ndinayankha mwaulemu kuti chonde apereke kalatayo kwa amene amasamala makina a labu. Anati apereka. Mu Okutobala ndinafunsanso, anati labu zatsopano zikukonzedwa. Mu Januwale yankho linali lomwelo, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi munthu amene wangoyamba kumene, amene sakudziwa kuti fayilo ya repo n'chiyani. Iyeyo akaona mizere imeneyo amaganiza kuti wolephera ndi iye, amatseka kompyuta, mwina osabwereranso ku Linux.

Pali masiku amene mtima umatsika n'kuyamba kuiona kosiyi mwachifundo. Mu Novembala kuntchito kompyuta ina ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, inasiya kutsegula mawebusaiti, anzanga ali pafupi kuifufuta kuti aikemo zonse mwatsopano. Ndinapempha mphindi zochepa. Ndinatsata njira yomwe ija ya usiku wa Julayi: ip a kuona ngati ili ndi adiresi, ip route kuona njira yotulukira, ping ku nambala, kenako ping ku dzina. Nambala inayankha, dzina ayi. Wina anali atalembamo pamanja adiresi ya seva ya DNS imene inazimitsidwa kalekale. Nditaisintha zonse zinabwerera. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikunena mumtima kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti kafufuzidwe kameneko sindinakatenge mu vidiyo iliyonse. Ndinakaphunzira polimbana ndi labu yawo yowonongeka.

Ndipo ukalamba wa kosiyi sunathere pa yum. Nditatopa ndi labu ndinaika VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa makina ena mkati mwa kompyuta imodzi, pa laputopu yakale, n'kuikamo Rocky Linux 9, imodzi mwa zimene anthu anasamukirako CentOS itasintha njira, pamodzi ndi AlmaLinux. Ndinatsegula vidiyo ya netiweki kuti nditsatire. Mphunzitsi analemba ifconfig, ine ndinalandira command not found, chifukwa pulogalamuyo sibweranso yokha ukaika zochepa, malo ake anatenga ip. Analemba netstat, kwa ine panafunika ss. Anati titsegule ifcfg-eth0 mu /etc/sysconfig/network-scripts, koma kwa ine khadi la netiweki linali ndi dzina lakuti enp0s3, ndipo zoikamo zake zinali ku /etc/NetworkManager/system-connections, zosinthidwa ndi nmcli. Za nmcli mu kosi yonse muli mphindi zochepa chabe. Za firewall amathera ola lathunthu pa iptables, osatchula n'komwe kuti kuyambira pa RHEL 8 (RHEL ndi Linux ya kampani ya Red Hat) pansi pa firewalld pamakhala nftables. Zakalezo si zopanda ntchito, maseva akale alipobe ndipo udzakumana nawo. Koma pa tsamba lawo logulitsira analemba kuti kosiyi imakonzekeretsa munthu mayeso a RHCSA, a satifiketi ya Red Hat ya oyendetsa maseva, pamene mayesowo ndi ochita ndi manja pa makina, ndipo nthawi imene ndinkagula anali atasamukira kale pa RHEL 9. Ukapita kumeneko ndi ifcfg-eth0 m'mutu, ndalama za mayeso zapita.

Kunena zoona, kuyambira Disembala ndaphunzira zambiri pa laputopu yakale ija kuposa mu labu. Ndili ndi makina awiri mu VirtualBox, a Rocky ndi a Debian 12, olumikizana pa netiweki yamkati. Ndimawaononga dala, n'kuwakonza. Ndikakakamira ndimalemba man ndi dzina la lamulo, ndipo pa nmcli pali ngakhale man nmcli-examples yodzaza ndi zitsanzo. Makina amenewa sadzifufuta pakatha maola awiri, ndipo sanditengera kalikonse pa khadi.

Tsopano za ndalama zija. Ndinawalembera Lachiwiri lomwelo kuti sindinafune chaka chachiwiri ndipo andibwezere. Ulendo uno yankho linabwera pasanathe maola atatu, liwiro limene sindinalionepo pa nkhani ya labu. Anati polembetsa ndinavomereza kuti malipiro azidzibwereza okha, ndipo ananditumizira chenjezo kutatsala sabata imodzi. Ndinafufuza, chenjezolo ndinalipezadi mu spam. Pamenepo sindingawanamizire, anatumiza, ndipo mawu a mgwirizanowo ndinadinadi osawerenga bwino. Koma mtengo umene andidula ndi wokwera kuposa wa chaka chatha, chifukwa uja anati unali wotsitsa kwa olowa kumene. Ndiye ndikulipira zambiri pa labu imene yakhala yosagwira bwino miyezi isanu ndi inayi mwa khumi ndi iwiri.

Ndinawatumizira makalata onse atatu, la Julayi, la Okutobala ndi la Januwale, ndi mayankho awo, n'kufunsa funso limodzi: kodi labu zakonzedwa? Funsolo sanaliyankhe. M'malo mwake anandipatsa zosankha ziwiri, miyezi itatu yaulere pamwamba pa chakachi, kapena kundibwezera theka. Miyezi yaulere ya chinthu chimene ndasiya kugwiritsa ntchito ilibe phindu kwa ine. Ndakana zonse ziwiri ndipo ndapempha ndalama zonse, poti chiyambire chaka chachiwirichi sindinatsegule ngakhale vidiyo imodzi, ndipo iwo angathe kuona zimenezo pa akaunti yanga.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene anaona ndikukonza kompyuta ija mu Novembala, anandifunsa dzulo kuti, "Achimwene, kosi yanu ija ndilembetse?" Ndinamuuza kuti ngati angapeze ya mwezi umodzi alembetse, aonere gawo la terminal, la chilolezo cha mafayilo, la SSH ndi la subnetting, ndipo tsiku lomwelo alowe mu akaunti n'kuzimitsa malipiro odzibwereza. Ya chaka chonse ndinamuletsa. Asanalipire awafunsenso kuti labu zawo zili pa Linux iti, ndipo yankho likhale lolembedwa. Loweruka akubwera ndi laputopu yake kuti tiikemo VirtualBox ndi Rocky Linux.

Akandibwezera ndalama zonse ndidzanena kuti chaka choyamba chinali cha phindu ndithu, ngakhale chinali chotopetsa. Akakana, ndikadandaula kubanki ndi makalata onse aja m'manja. Anati andiyankha pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, ndipo lero ndi tsiku lachitatu.