Ngolo ya ekiselo imodzi yokokera boti: ndi yolimba, koma ubwino wake unaoneka itasinthidwa kuti igwirizane ndi botilo

Ngolo imene ndikuikamba pano ndi ya chitsulo chokutidwa ndi zinki, ya ekiselo imodzi, yokhala ndi mabuleki, ndipo ndinaigulira boti langa la fibreglass lotalika mamita 5.2, lomwe lili ndi injini yomangirira kumbuyo ya mphamvu ya 90 hp. Ndaikoka pa phula, pa msewu wa mabampu, ndiponso ndailowetsa m'madzi kangapo ndithu, kotero ndikuona kuti ndingathe kunenapo kanthu. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo gawo lalikulu la nyenyezi zimenezi likupita kwa amisiri a kampani yogulitsayo amene anaikonza kuti igwirizane ndi boti langa, chifukwa mmene inalili pochoka kufakitale sinali yokonzekera boti lililonse.

Chimene chinandikopa kwa wogulitsayu ndi funso lake loyamba. Kwina kumene ndinafunsa ankangofuna kudziwa kutalika kwa boti, koma iyeyu anayamba ndi kulemera kwake, ndipo sanakhutire ndi nambala ya 620 kg yolembedwa m'kabuku ka botilo, popeza nambala imeneyo ndi ya thupi la boti lopanda kanthu. Tinakhala pansi n'kuwonkhetsa injini yolemera pafupifupi 160 kg, petulo wokwana malita 90, amene amalemera pafupifupi 67 kg poti lita imodzi ya petulo imalemera magalamu ngati 740, mabatire awiri, nangula ndi tcheni chake, majekete oyandamitsa munthu ndi katundu wina amene amakhala m'botimo nthawi zonse. Zonse pamodzi zinafika cha m'ma 950 kg. Pa kachitsulo kokhomedwa pa khosi la ngoloyi palembedwa kuti kulemera konse kololedwa ndi 1,400 kg, ndipo ngoloyo payokha imalemera 280 kg, kutanthauza kuti katundu amene ingasenze ndi 1,120 kg basi. Ambiri amawerenga nambala yaikuluyo ngati ya katundu, n'kuiwala kuti ngoloyo nayonso ili m'kati mwa nambalayo. Ine ndinatsala ndi mpata wa 170 kg, umene ndi wokwanira koma si wotambalala. Amene amakonda kudzaza boti ndi matenti ndi zigubu za madzi akadayenera kusankha ngolo yokulirapo. Wogulitsayo anafunanso kuona kabuku ka galimoto yanga, chifukwa galimoto iliyonse ili ndi malire awiri a kulemera kumene ingakoke, amodzi a ngolo ya mabuleki ndi ena otsika kwambiri a ngolo yopanda mabuleki, ndipo m'mayiko ambiri ngolo yopitirira 750 kg imayenera kukhala ndi mabuleki ake.

Mtundu umenewu umapezeka pawiri: wina boti limagona pa matabwa aatali okutidwa ndi kapeti, wina limakhala pa marola ambiri, timagudumu timene boti limagudubuzikapo. Marola amathandiza kwambiri pamalo osaya, chifukwa boti limatsetsereka lokha ngakhale ngolo isanalowe kwambiri m'madzi, koma kulemera konse kumatsamira pa timalo ting'onoting'ono, ndiponso boti limatha kutsetsereka nthawi yosayenera ngati lamba wa winchi, chipangizo chopukusa chokokera boti pa ngolo, wamasulidwa msanga. Ndinasankha ya matabwa, yokhala ndi marola ochepa pakati ochirikiza msana wa pansi pa boti, chifukwa boti langa limakhala pa ngolo nthawi yaitali kuposa imene limakhala m'madzi, ndipo matabwa amagawa kulemerako pamalo aakulu. Chovuta chake n'chakuti muyenera kuilowetsa m'madzi mozama pang'ono kuti boti liyandame, zimene sizitheka paliponse.

Ntchito yeniyeni inali yoikapo botilo koyamba, ndipo inatenga pafupifupi theka la tsiku. Amisiri awiri anayambira kumbuyo, kuonetsetsa kuti khoma la kumbuyo kwa boti, lomwe limasenza injini, latsamira ndendende pa mapeto a matabwa, matabwawo akutulukira pang'ono kumbuyo kwake. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Khomalo likalendewera kunja kwa matabwa, injini imalikokera pansi pa bampu lililonse, ndipo pakapita nthawi pansi pa boti pamapindika patsogolo pang'ono pa khomalo, moti boti limayamba kuyenda mphuno itaweramira m'madzi. Atatsimikiza zimenezi ndi pamene anasuntha mzati wa winchi kuti ukakumane ndi mphuno ya boti, osati kukokera boti kuti likapeze mzatiwo. Anauika mwakuti mphete ya kutsogolo kwa boti ikhale pansi pa rola imene mphuno imagundapo, ndipo lamba adutse kunsi kwa rolayo, n'cholinga chakuti galimoto ikaima mwadzidzidzi boti lisakwere pamwamba pa mzati. Kenako anakweza matabwa pang'onopang'ono ndi jeke mpaka atakhudza thupi la boti kutalika kwake konse, akuzemba mizere yotumphuka ya pansi pa botilo. Mmodzi wa iwo anagona chagada pansi pa ngolo, akulowetsa kakatoni kopyapyala pakati pa kapeti ndi boti. Pamene kakatoniko kalowa mosavuta, ankamasula bawuti, kukweza, n'kumanganso.

Chotsatira chinali kulemera kwa pa khosi, kutanthauza mphamvu imene ngolo imakanikizira pansi pa mpira wa tow bar, chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokokera ngolo. Anaika sikelo pansi, n'kuimika chipika cha thabwa pakati pa sikeloyo ndi chokolekera cha ngolo pa msinkhu wofanana ndi wa mpira wa galimoto, ndipo sikelo inaonetsa 45 kg. Pa ngolo ndi boti zolemera pafupifupi 1,230 kg, nambala imeneyi inali yochepa, chifukwa kwa ngolo za maboti anthu ambiri amatsata magawo 5 mpaka 7 pa 100 aliwonse a kulemera konse. Khosi likapepuka, ngolo imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku liwiro likakwera, makamaka potsetsereka kapena thiraki ikamakupitirirani, ndipo kugwedezako kukayamba kumangokulirakulira. Popeza boti linali litakhala kale pamalo pake, amisiriwo sanalisunthe. M'malo mwake anamasula mabawuti omanga ekiselo ndi masipuling'i ake, n'kubweza zonse m'mbuyo masentimita pafupifupi 12. Asanamange anayeza ndi tepi kuchokera pa chokolekera kukafika pa habu ya kumanzere ndi ya kumanja, pamene pamamangidwa matayala, kuti mbali ziwirizi zifanane, poti ekiselo yopendekeka imadya matayala ndiponso imachititsa ngolo kuyenda chammbali. Sikelo inafika pa 80 kg, zomwe zili m'kati mwa malire a 100 kg olembedwa pa tow bar ya galimoto yanga. Kunena zoona, ngolo zambiri zimene zimatchedwa zoipa vuto lake lili pamenepa, osati pa chitsulo chake.

Chokolekera chake ndi cha mpira wa mamilimita 50. Amene galimoto yake ili ndi mpira wa mainchi awiri, umene ndi mamilimita 50.8, asaganize kuti ziwirizi ndi zofanana, ngakhale ndi maso zimaoneka choncho. Msinkhu wa mpira wanga unagwirizana ndi ngoloyi moti imayenda yowongoka, yosaweramira kutsogolo kapena kumbuyo.

Pa msewu ngoloyi imayenda modekha, ndipo ngakhale pa liwiro lololedwa pokoka sindinaimvepo ikugwedeza galimoto. Mabuleki ake amagwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankhira kutsogolo, khosi lake limafupika pang'ono n'kukoka zingwe za mabuleki. Amagwira mofewa popanda kugunda, ndipo salepheretsa kubwerera m'mbuyo. Pali kachingwe kachitsulo kokoleka ku galimoto kamene kamamanga mabuleki ngolo ikamasuka, ndiponso matcheni awiri amene ndimawapingasa pansi pa khosi kuti alilandire lisanagunde msewu. Masipuling'i ake ndi olimbirapo, choncho ikakhala yopanda boti imadumphadumpha ndi kusokosera, koma ikasenza katundu phokosolo limatha.

Madzi ndi amene amayesa ngolo ya boti. Mahabu amatentha pa ulendo, ndipo akamizidwa m'madzi ozizira asanazizire, mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kuyamwa madzi kudzera pa masilo, timphira totseka m'mphepete mwa habu, kenako girizi amasanduka woyererako ngati mkaka ndipo mabeling'i amachita dzimbiri. Ngoloyi inabwera ndi zotsekera mahabu zokhala ndi sipuling'i yokankhira girizi m'kati, zimene zimathandiza, komabe ndimadikira mahabu azizire ndisanalowe m'madzi, nthawi imene ndimamasula malamba a kumbuyo ndi kutseka chiboo chotulutsira madzi m'boti. Nditatsegula habu imodzi kuti ndione, girizi anali akadali wabwinobwino ndi wa mtundu wake womwewo. Zinki wa pa felemu nayenso wapirira. Wangozilala, koma palibe pamene wasupuka. Amene amalowetsa ngolo m'madzi amchere ayenera kuitsuka ndi madzi abwino nthawi iliyonse, makamaka mabuleki ndi masipuling'i, chifukwa zimenezi zilibe chitetezo chofanana ndi cha felemu.

Nyenyezi yachisanu yatayika pa zinthu zing'onozing'ono zimene opanga anafuna kupulumutsirapo ndalama. Magetsi ake ndi a LED omatidwa bwino, koma mawaya analumikizidwa ndi timapini tongofinya, topanda chotchinga madzi, ndipo sipanapite nthawi indiketa ya kumanzere inayamba kuzima ndi kuyaka mwa kufuna kwake. Nditamasula polumikizirapo ndinapeza waya wa kopa utabiriwira ndipo ukuyoyoka. Kampaniyo inasintha mawaya onse popanda kundilipiritsa ndiponso popanda kukangana nane, zimene ndikuyamikira, koma ngolo imene ntchito yake ndi kumira m'madzi sinayenera kutuluka m'fakitale ili choncho. Mabawuti ena a pa madigadi ndi achitsulo wamba, ndipo ayamba kale kudontheza dzimbiri pa zinki. Kagudumu kochirikiza khosi ndi kakang'ono ndiponso kopyapyala, moti pa konkire kamayenda bwino koma pa mchenga kapena pa udzu wonyowa kamatitimira, ndipo munthu mmodzi sangathe kukankha ngoloyo. Tayala lapadera siliperekedwa, ngakhale malo olimangirira alipo.

Matayala nawonso anandikhumudwitsa pang'ono. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2322 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022, ndipo a ngolo yanga anali atatha kale zaka ziwiri pa tsiku logula. Matayala a ngolo kawirikawiri sathera pa msewu. Amakalamba ali chiimire, kung'aluka m'mbali chifukwa cha dzuwa, mapondedwe ake akuonekabe atsopano. Zaka ziwiri zimenezo zinachotsedwa pa moyo wa matayalawo ndisanawagwiritse ntchito, choncho wogula awerenge manambalawo asanalipire.

Ngoloyi ndi yoyenera boti la mamita asanu mpaka asanu ndi theka limene, ndi katundu wake yense, silipitirira tani imodzi kwenikweni. Boti lolemera kuposa pamenepa, kapena loyenda maulendo ataliatali, likufunika ngolo ya maekiselo awiri, imene imakhazikika bwino pa msewu ndipo tayala limodzi likaphulika imakupatsani mpata woima bwinobwino, ngakhale ndi yovuta kuikhotetsa ndi manja pamalo opanikizika. Mukagula ya mtundu wangawu, pitani ndi boti lanu kwa wogulitsa, mafuta ndi katundu zili momwemo, ndipo muvomerezane musanalipire kuti kusintha matabwa, mzati wa winchi ndi ekiselo kuli m'kati mwa mgwirizano. Pempheninso kuti mawaya amatidwe bwino musanaitenge, ndipo mukayenda makilomita 50 oyamba muime n'kumanganso manati a matayala, chifukwa pa ngolo yatsopano amakonda kukhwepa.