Alangizi a mapulopozo a kafukufuku ku Blantyre: bajeti amaitha, sayansi ayi

Gulu lathu la ofufuza za umoyo lagwiritsa ntchito kampani ina yaing'ono ya alangizi mumzinda muno polemba mapulopozo opempha ndalama za kafukufuku ku NIH, bungwe la boma la America, ndi ku Wellcome, bungwe la ku Britain. Ndalama yathu sinapite pachabe, koma muyenera kudziwiratu chimene mukugula.

Pa bajeti anthuwa ndi akatswiri. Amadziwa kuti NIH imapatsa mabungwe a kunja kwa America ndalama zoyendetsera ofesi zokwana 8 peresenti yokha ya ndalama za kafukufuku, choncho chilichonse chokhudza kafukufukuyo mwachindunji chiyenera kukhala ndi mzere wakewake: mafuta a galimoto yopita ku Chikwawa kapena ku Ndirande, transipoti yobwezera otenga nawo mbali, malipiro a komiti yowunika kafukufuku, omasulira mafomu a chilolezo, ngakhale ndalama zochotsera katundu wa mu labu pa kasitomu. Chimene mwaiwala apa mudzachilipira ndi ndalama ya ntchito ina, ndipo kafukufuku amayamba kutsimphina chaka chachiwiri.

Nkhani ya kwacha amaisamalanso bwino. Aliyense akukumbukira kuti inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Iwo amalemba bajeti mu ndalama ya wopereka thandizo, amaonetsa tsiku limene atengera mtengo wosinthira, amasiyanitsa zogula kunja ndi zogula konkuno, ndipo malipiro a antchito amawakweza chaka ndi chaka. Izi zokha zikukwanira kuti muwafunefune.

Zolembetsa amazitsata mosatopa. Kuti bungwe lanu litumize pulopozo ku NIH liyenera kulembetsa pa mawebusayiti a boma la America a SAM.gov ndi eRA Commons, ndipo zimenezi zimatha kutenga milungu 6 kapena kuposerapo. Akaunti ya SAM.gov imafunika kuikonzanso chaka chilichonse. Ikatha mphamvu, pulopozo siilowa, ngakhale yalembedwa bwino chotani. Kumbukiraninso kuti wotumiza ndi bungwe lanu, osati alangizi. Kaya muli ku yunivesite ya KUHeS kapena ya MUBAS, pitani msanga ku ofesi yoona za kafukufuku kuti amene amasayinira mapulopozo adziwe. Alangiziwa amaumirira kuti zonse zitumizidwe kutatsala masiku awiri, ndipo akunena zoona: zolakwika zimene makina olandirira mapulopozo apeza ziyenera kukonzedwa nthawi isanakwane, pamene magetsi ndi intaneti sizidikira munthu.

Pamene tagwa ulesi ndi pa sayansi. Tsamba limodzi lija la zolinga za kafukufuku, limene owunika amayamba kuwerenga, iwo amangolisalaza Chingerezi. Safunsa ngati chiwerengero cha anthu ofufuzidwa chikukwanira kuyankha funso lanu. Saona ngati cholinga chachiwiri chikudalira choyamba, chimene ndi cholakwika chachikulu, chifukwa choyambacho chikalephereka ntchito yonse yagwa. Ziganizo zina zofotokoza bungwe ndi dziko zimaonekeratu kuti ndi zomwezomwezo m'mapulopozo onse. Musanawapatse pulopozo, pezani wofufuza wamkulu wa m'gawo lanu, makamaka amene anakhalapo pa gulu lowunika, ayambe wailasa mosanyengerera.

Uphungu wa momwe mungakwerere pa ntchito ndi wapamwambamwamba. CV ndi ORCID (nambala yozindikiritsa wofufuza pa intaneti) amakonza bwino, koma wachinyamata amene wangomaliza PhD amafuna womuuza pepala la kafukufuku loti atsogole yekha ndi thandizo la ndalama laling'ono loti ayambire. Zimenezo sitinazione.

Pa malipiro, gwirizanani mtengo umodzi wolembedwa ntchito isanayambe. Akatchula zotenga gawo la ndalama mukapambana, kanani, chifukwa opereka thandizo ambiri salola kuti ndalama ya kafukufuku ilipirire ntchito yolemba pulopozo. Apezeni kutatsala miyezi itatu. Mukabwera kutatsala mlungu umodzi, adzangokuwerengerani masamba ndi kukonza mizere.