Malenzi akale a filimu pa kamera ya dijito: yomwe yakhalitsa ndi omwe abwerera m'bokosi

Chaka chatsala pang'ono kukwana chiyambireni kujambula ndi malenzi a makamera a filimu pa kamera yanga ya dijito, ndipo maganizo amene ndinali nawo m'masabata oyamba si amene ndili nawo lero. Ndinayamba ndi malenzi anayi, onse a M42, aja omanga mopotokola pa mazinga: Helios 44-2 ya 58mm f/2, Super-Takumar ya 50mm f/1.4 ya Asahi Pentax, ina ya 28mm ndi ina ya 135mm, awiri omalizawa a timakampani tosatchuka. Kamera ndi ya mirrorless, yopanda kalilole m'kati, ndipo sensa yake, kachipangizo kolandira chithunzi m'malo mwa filimu, ndi ya mamilimita 36 ndi 24, kukula kofanana ndi chithunzi cha pa filimu ya 35mm. Pa anayiwo, imodzi tsopano imagona pa kamera, ina imatuluka mwa apo ndi apo, awiri ali m'bokosi.

Kwa amene simunayesepo, nkhani yonse yagona pa mtunda. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti izikhala pa mtunda wake kuchokera pa filimu, malinga ndi mtundu wa pakamwa pa kamera pomangira lenzi: M42 imafuna mamilimita 45.46, Nikon F imafuna 46.5, Canon FD imafuna 42. Mpata wonsewu unkafunika chifukwa m'kati mwa makamera amenewo munali kalilole amene ankanyamuka pojambula. Makamera a mirrorless alibe kalilole, ndiye pakamwa pawo pali pafupi kwambiri ndi sensa: Sony E ndi mamilimita 18, Fujifilm X ndi 17.7, Nikon Z ndi 16. Adaputala yolumikiza lenzi yakale ndi kamera ndi kachitsulo ka mphako chabe, kopanda galasi, kongodzaza mpata wotsalawo. Malenzi a Canon FD ndiwo anapindula kwambiri. Canon itasamukira ku pakamwa patsopano pa EF mu 1987 anasowa pogwira, chifukwa EF ili pa mamilimita 44, kupitirira pamene iwo amafuna. Anadzaukanso ndi makamera a mirrorless a Micro Four Thirds mu 2008, makamaka Sony A7 itatuluka mu 2013.

Chimene chinandikopa poyamba ndi Helios, monga zimakhalira ndi anthu ambiri. Inkapangidwa ku Soviet Union m'mafakitale angapo, motengera lenzi ya Biotar ya kampani ya Carl Zeiss, ndipo imatchuka chifukwa cha mmene imazungulitsira zinthu za kumbuyo kwa munthu. Zimatero chifukwa kuwala kolowa cham'mbali kumadulidwa ndi thupi la lenzi, ndiye timadontho ta kuwala ta m'mphepete timaphwatalala n'kundanda mozungulira pakati. Sizichitika paliponse ayi. Pamafunika kutsegula aperture, bowo lolowera kuwala, mpaka f/2 (nambala ya f ikachepa, bowolo limakula), munthu akhale pa mamita awiri kapena atatu, kumbuyo kukhale masamba olowa dzuwa. Pa sensa yaing'ono ya APS-C kuzungulirako kumachepa, poti mbali zimene kumaonekera kwambiri ndi zomwe zimadulidwa.

Miyezi yoyambirira ndinkasakasaka mitengo kuti ndiimikepo anthu. Kenako ndinayamba kuona kuti zithunzi zonse zikufanana, ndipo wozionera amayamba wayamikira masamba asanaone nkhope. Apa m'pamene Helios inatsika pa kamera. Koma sindinaitaye, chifukwa ili ndi ubwino wina umene anthu satchula kawirikawiri. Pa f/4 pakati pa chithunzi pamatuluka bwino zedi, tsitsi limodzilimodzi. Komanso ili ndi mphete ziwiri za aperture: ina mumaikira malire, inayo imayenda myaa popanda kugunda, ndipo pojambula vidiyo mumatha kuchepetsa kuwala pang'onopang'ono wosaona kudumpha. Ikayang'anizana ndi dzuwa chithunzi chimachita mbuu, mitundu n'kuzilala. Ena amakonda zimenezo. Ine ndimatchinga ndi dzanja.

Imene yakhalitsa ndi Super-Takumar, ndipo chifukwa chake si zithunzi zokha. Ndi dzanja. Mphete yake yofokasira ndi yachitsulo, imayenda mosathamanga komanso mosalimba, ndipo kuchoka pa mamita 0.45 kufika kutali kwenikweni mumaizunguza ulendo wautali, moti kusuntha fokasi kuchoka pa nsidze kufika pa diso n'kotheka ndi nsonga ya chala. Malenzi amakono ambiri mphete yawo imangotumiza uthenga ku mota, ndiye mukazunguza mofulumira imalumpha, mukazunguza pang'ono imakwawa, simudziwa pamene mwafika. Pa Takumar, patapita miyezi, zala zinayamba kudziwa zokha pamene pali mita imodzi ndi pamene pali mamita atatu, kamera isanafike n'kumaso komwe.

Pa f/1.4 chithunzi chimakhala chofewa, ndi kachifunga kowala mozungulira zinthu zoyera, ndipo m'mphepete mwa zitsulo zonyezimira mumaoneka kamzere kapepo. Pa f/2 kachifungako kamachoka, pa f/2.8 palibenso chodandaula. Zithunzi zanga zambiri ndi za pa f/2.

Yanga ndi ya magalasi asanu ndi awiri, mtundu umene uli ndi thorium m'galasi, chitsulo chotulutsa radiation. Opanga malenzi a nthawi imeneyo ankaika thorium kuti galasi lizipinda kuwala mwamphamvu popanda kumwaza mitundu, koma pakapita zaka galasilo limasanduka lachikasu. Kamera ya dijito imabisa chikasucho pokonza mitundu yokha, chimene siingabweze ndi kuwala kumene kwatayika. Mankhwala ake ndi kuwala kwa UV. Ndinaiika pansi pa nyale ya UV kwa masabata angapo, galasi la kumbuyo litayang'ana nyaleyo, ndipo inayera ndithu, ngakhale katsalira kachikasu kakadalipo. Padzuwa zimathekanso, koma kutentha kumasungunula girisi wa m'kati, n'kuyamba kuyenderera kumene sakufunika. Za radiation, ndi yochepa pa kagwiritsidwe ntchito ka masiku onse. Chosayenera ndi kuswa kapena kupala galasilo.

Kufokasa ndi dzanja kuli ndi mtengo wake, ndipo umaonekera pakapita nthawi. Focus peaking, ija imapaka utoto pamene pagwira fokasi, imathandiza pa f/4 kapena f/5.6. Pa f/1.4 imanama: imawalitsa diso ndi khutu limodzi, pamene zoona zake n'zakuti chimodzi chokha ndicho chagwira. Chodalirika ndi kukulitsa chithunzi musanajambule, ndipo batani lochitira zimenezi ndinaliika pamene chala chachikulu chimafika msanga. Kwa munthu wokhala phee, maluwa, nyumba, zimenezi sizivuta. Mwana wothamanga ndi nkhani ina. Ndimafokasiratu pamalo amene adutse, n'kutseka mpaka f/5.6, n'kudikira. Zina zimagwira, zambiri zimapita. Pa ntchito imene mphindi yake sibwereranso, ndimatenga lenzi yamakono ya autofocus, yofokasa yokha, ndipo sindichita nazo manyazi.

Pali tinthu tiwiri tokhudza kamera timene sindinkatiwerengera. Lenzi yakale silankhulana ndi kamera, ndiye chipangizo choletsa kugwedera cha m'kati mwa kamera chimafuna muchiuze nokha kuti lenzi ndi ya mamilimita angati. Mukachoka pa 135 kupita pa 28 osasintha nambala, m'malo moletsa kugwedera chimawonjezera. China ndi chakuti pa fayilo ya chithunzi sipalembedwa dzina la lenzi kapena aperture. Sabata yoyamba mumakumbukira. Pakatha miyezi, zithunzi zitachuluka, mumangoganizira. Tsopano ndikasintha lenzi ndimayamba ndajambula kapepala kolembapo dzina lake.

Gawo lofooka kwambiri pa zonsezi ndi adaputala, kanthu kooneka ngati kosafunika kuganizira. Yoyamba imene ndinagula, yopanda dzina, inayamba bwino, koma patapita miyezi timasikuluwu take tinamasuka, lenzi n'kumachita gwedegwede, mbali imodzi ya chithunzi n'kumatuluka yofewa kuposa inzake. M'kati mwake munalinso monyezimira, moti kuwala kunkanjanja n'kusiya chigamba chotuwa pakati pa chithunzi ndikajambula moyang'ana kowala. Imene ndili nayo pano m'kati mwake ndi mwakuda bii, mosawala, ndipo imagwira zolimba. Ma adaputala ambiri amapangidwa ofupikirako pang'ono dala, kuti lenzi iliyonse ithe kufika kutali. Zotsatira zake n'zakuti mukazunguza mphete mpaka pothera, mwapitirira, phiri lakutali latulukanso mu fokasi. Manambala a mtunda olembedwa pa lenzi musawakhulupirire kotheratu. Ndiponso malenzi ambiri a M42 ali ndi kapini kumbuyo kamene kamera yakale inkakankha kuti aperture itseke. Takumar ili ndi kaswichi kosankhira, koma malenzi opanda kaswichiko amafuna adaputala yokhala ndi mlomo wa m'kati wopanikiza kapiniko, apo ayi mudzajambula chitsegukire mpaka kalekale. Kukhala ndi malenzi a mtundu umodzi kwandithandiza pamenepa: adaputala imakhala pa kamera, ndimangosintha lenzi. Fumbi lokha ndiye silileka kulowa, ndipo pa f/11 timadontho take timaoneka pa thambo.

Ya 28mm sinachedwe. M'makona munkakhala mofewa mpaka f/8, mizere yowongoka inkapindika, ndipo kamera siidziwa kuti iikonze monga imachitira ndi malenzi ake. Lenzi wamba ya zoom yamakono inkaiposa pa chilichonse. Pa malenzi ojambula malo aakulu, luso lapita patsogolo kwambiri kusiyana ndi pa a 50mm, amene kapangidwe kake kanali katakhwima kale m'zaka za m'ma 1960.

Ya 135mm inali yabwino, ndipo ndiyo inandipweteka mtima. Pogula inali ndi kadontho m'mphepete mwa galasi la m'kati, kooneka ngati fumbi. Itadutsa miyezi ya chinyezi ili m'kachikwama kake kachikopa, kadontho kaja kanatambasula timizu ngati ulusi wa kangaude. Chinali chuku. Chuku chimakonda mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wokutira galasi, moti ngakhale mupukute chipsera chimatsala. Wokonza anaitsegula n'kuitsuka, koma chipseracho chilipo, ndipo chimaoneka dzuwa likalowa cham'mbali. Malenzi onse amene sali pa kamera tsopano amakhala m'bokosi la pulasitiki loonekera m'kati, lotsekeka bwino, ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi timene ndimaumitsanso tikakhuta. Zikwama zachikopa ndinazichotsa.

Ndikamayang'ana lenzi yakale masiku ano, dzina ndimaliona pomaliza. Ndimatsegula aperture yonse, n'kuwalitsa tochi kuchokera kumbuyo, ndikusuzumira cham'mbali. Fumbi lochepa ndi timikwingwirima ta galasi la kutsogolo sizindiopsa, pa chithunzi sizioneka. Chifunga cha m'kati ndi timizu ta chuku ndiye ndimabweza pomwepo. Mafuta pa timasamba ta aperture anali vuto lalikulu pa kamera ya filimu, poti timasambato tinkayenera kutseka m'kuphethira kwa diso, koma pa adaputala mumatseka nokha musanajambule, ndiye ulesi wake supweteka kwenikweni, bola mafutawo asafike pa galasi. Kenako ndimazunguza mphete yofokasira kuchokera koyamba mpaka kothera, maso ali kumbali. Ikagwiragwira penapake kapena ikamalira mchenga, ndimadziwa kuti pa mtengo wogulira padzawonjezeka wa wokonza.