Rauta yanga patatha miyezi 9: zomwe ndasunga ndi zomwe ndasiya

Papita miyezi 9 chigulireni rauta yomwe ikugawa intaneti m'nyumba mwathu. Pa netiweki imeneyi pali makompyuta awiri, laputopu yakale ya mwana wanga, pulinta, TV ndi mafoni anayi. Sabata yoyamba ndinaiyamikira chifukwa cha liwiro lake, ndipo pamenepo sindinasinthe maganizo. Zomwe zasintha ndi mmene ndimaonera chitetezo chake.

Tsiku lomwe ndinailumikiza ndinalemba 192.168.1.1 mu browser, tsamba loyendetsera rauta n'kutseguka ndi dzina loti admin, pasiwedi yakenso admin. Anthu ambiri amasintha pasiwedi ya Wi-Fi yokha n'kuiwala kuti pali ina yolowera m'kati mwa rauta mwenimwenimo, ndipo yoopsa ndi imeneyo, chifukwa woidziwa akhoza kusintha chilichonse. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi obwera nawo kufakitale, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zolandidwazo zinagwetsa makompyuta a Dyn, kampani yomwe inkalondolera anthu ku mawebusaiti, anthu n'kulephera kufika pa Twitter ndi Netflix. Ndinasintha pasiwedi ya admin ndisanalumikize ngakhale foni imodzi.

Chomwe chandipweteka mtima ndi WPS. Iyi ndi njira yolumikizira chipangizo podina batani kapena polemba PIN ya manambala 8 m'malo mwa pasiwedi. Mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imayankha padera ngati manambala anayi oyamba ali olondola, ndipo nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinazo. Zikatero wakuba safunika kuyesa maulendo mamiliyoni ambiri, 11,000 okha amakwanira. Pasiwedi yanu ingatalike bwanji, WPS ikakhala yoyaka ndiye kuti mwakiya khomo lakutsogolo koma zenera lili pululu. Ndinaithimitsa tsiku loyamba lomwelo.

M'mwezi wachisanu rauta inadziikira yokha usiku firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati yomwe imaiyendetsa. Patapita masabata awiri ndinalowa pa tsamba lija kukaona chinthu china, ndipo ndinapeza WPS yayakanso. Panalibe uthenga uliwonse wondichenjeza. Masabata awiri onsewo ndinkagona ndili ndi mtendere woti nyumba ndi yokiya. Sindikuti musamalole firmware yatsopano, ayi, chifukwa ndi imene imatseka mipata ngati uja wa KRACK womwe unapezeka mu 2017 mu WPA2, njira yotetezera Wi-Fi. Koma opanga rauta sayenera kubweza mwakachetechete chinthu chomwe mwini wake anachithimitsa dala. Kuyambira pamenepo, firmware ikangosintha ndimalowa n'kuona WPS, kenako n'kuonanso ngati njira yoyendetsera rauta uli kunja kwa nyumba idakali yothimitsa.

Pa WPA3, njira yotetezera Wi-Fi yomwe inabwera mu 2018 pambuyo pa WPA2, ndinayamba ndi mtima wofuna yokhayo basi. Laputopu ya mwana wanga inakana. Inkaliona dzina la netiweki, tikalemba pasiwedi n'kuzungulira kwa kanthawi, kenako n'kunena kuti yalephera. Tinalemba kasanu, mwana akuwerenga chilembo chimodzichimodzi mokweza, tisanazindikire kuti vuto si zala zathu koma khadi ya Wi-Fi ya laputopuyo, yomwe siidziwa WPA3. Pano rauta ili pa WPA2/WPA3 yosakaniza, ndipo pasiwedi ndi mawu asanu osagwirizana omwe aliyense m'nyumba anawaloweza.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndinazisiya ndipo sindizifunanso. Kubisa dzina la netiweki sikubisa kanthu kwa munthu wodziwa, kumangovutitsa eni nyumba. Kusefa zipangizo ndi MAC address, nambala yodziwira chipangizo chilichonse, ndiye kunandidyera madzulo athunthu pamene mayi a kunyumba anagula foni yatsopano. Mafoni a masiku ano, kuyambira Android 10 ndi iOS 14, amadzipangira MAC address yongopeka pa netiweki iliyonse, choncho nambala yomwe ndinakopera pa bokosi sinali imene rauta inkaiona. Komanso nambala zimenezi zimayenda mumpweya zosabisika, wakuba akhoza kukopera ya foni yanu n'kulowa nayo.

Netiweki ya alendo ndiyo ndaikonda kuposa mmene ndinkaganizira. Mlendo akapempha intaneti ndimamupatsa ya kumeneko, ndipo safika pa makompyuta athu kapena pa pulinta. TV ndinaiikanso komweko chifukwa sindidziwa kuti opanga ake adzasiya liti kuikonza. Vuto lake ndi loti kutumiza kanema kuchokera pa foni kupita pa TV sikuthekanso, ndipo ana anadandaula, koma ndinaumirira.

Pulinta inkasowa nthawi iliyonse magetsi akathima n'kuyakanso. Rauta inkaipatsa IP address ina, kutanthauza adiresi yake pa netiweki, makompyuta n'kumaifunafuna pa yakale. Nditaisungira adiresi imodzi yosasintha mu DHCP, gawo la rauta logawa maadiresi, vutolo linatheratu. Kompyuta yomwe ndimagwirira ntchito ndinailumikiza ndi waya wa Cat5e, womwe umatha kufika mamita 100, ndipo sinadukepo ngakhale kamodzi. Kuchipinda chakutali Wi-Fi ya 5 GHz siifika bwino chifukwa cha makoma, ndiye kumeneko timadalira ya 2.4 GHz. Nditaichotsa pa channel 6, imodzi mwa njira zomwe Wi-Fi imayendamo, pomwe panadzaza marauta a anansi, n'kuiika pa 11, kudukaduka kunachepa kwambiri.

Kodi ndingaigulenso? Inde, koma ndisanalipire ndingafunse kaye kuti opanga ake alonjeza kutulutsa firmware mpaka chaka chiti, funso lomwe sindinafunse ulendo woyamba. Deti la firmware yomaliza ndinalilemba pa kapepala komwe ndinamata pansi pa rauta, ndipo pakadzatha chaka chathunthu popanda ina, ndidzaichotsa ngakhale magetsi ake onse akuyakabe obiriwira.