Assateague State Park: mahatchi ake ndi akuba koma tidzabwereranso

Tinagonako masiku atatu mu Ogasiti, ine, mayi akunyumba ndi ana awiri, nde ndati ndilembeko poti anzathu ambiri kuno ku Maryland, ku America, amangothera pa Ocean City osadziwa kuti ukangotsika ndi Route 611 nkuoloka mlatho wa Verrazano wafika pachilumba chopanda hotela olo imodzi, mchenga ndi tchire basi.

Matenti mumakhoma kuseri kwa milu ya mchenga, mafunde a Atlantic kumawamva usiku onse. Mabafa ndi aukhondo ndipo shawa yake ndi yamadzi otentha, apa mpomwe amaiposera kampu ya National Seashore yoyandikana nayo, kumeneko mumasamba ozizira. Koma mubukiletu, nyengo yotentha malo sachedwa kutha.

Zoti mahatchi akutchire a pachilumbachi ndi akuba nzoona. Amangoyendayenda mukampu ngati mbuzi za kumudzi, lamulo lake nloti utalikirane nawo mamita 12, osawagwira, osawapatsa chakudya, amaluma komanso amaponya mateche. Ifeyo tinasiya kula bokosi panja osamanga, pochokera kosambira tinapeza hatchi yatsegula yokha, buledi yense psiti, jumbo ili pamchenga. Kulakwa kwathu, anali atatichenjeza kale. Mimba za mahatchiwa zimaoneka zotupa, nchifukwa cha udzu wamchere umene amadyawo, umawamwetsa madzi ambiri.

Kupalasa kayak, kabwato kakang'ono, ndiye kunanditenga mtima. Ngati muli ndi ana kunyanja yaikuluko musayerekeze, pitani mbali ya Sinepuxent Bay, madzi ake ndi osaya, malo ena olekeza mchiuno. Ine ndinakulira pabwato ku Nkhotakota nde ndimadzitama kuti izi nzachibwana, koma nkhafi ya mitu iwiri ija inandibalalitsa kaye, kayak kumangozungulira pamodzimodzi mwana wanga ali gwa ndi phwete. Titazolowera tinalowa mtimakwalala ta mmadambo, zii, kumangoona akakowa ndi mahatchi akudya chapatali. Nyamukani mmamawa. Ife tinachedwa, masana mphepo inadzuka ngati mwera, pobwerera mapewa amachita kuyaka.

Nyenyezi ndapereka 4 mwa 5, imodziyo adya ndi udzudzu ndi ntchentche zoluma za mitu yobiriwira zija, eee, mphepo ikangoleka nonse mumathawira mutenti. Mthunzi kulibenso, tengani wanu, ndi zikhomo zazitali za mumchenga poti zathu zazifupi zinazuka usiku oyamba omwe. Ulendo wina tidzapita mu Okutobala.