Sitolo ya katundu wakale ku Salima ndi mitu yadothi yoikamo maluwa

Pa msewu wochoka m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay pali sitolo ina yaing'ono yogulitsa katundu wa m'nyumba amene anagwirapo kale ntchito kunja, monga mbale, mawotchi ndi nyale, koma ine chimene chimandikokera kumeneko ndi shelefu imodzi yokha. Pa shelefuyo pamakhala zoikamo maluwa zoumbidwa ndi dothi m'maonekedwe a mutu ndi mapewa a mkazi, zokhala ndi bowo pamwamba pa tsitsi kapena pa chipewa, zimene okonda zinthu zakale amazitcha head vase. Zambiri zinaumbidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo makampani a ku America monga Napco, Inarco, Lefton ndi Enesco ndiwo ankaziitanitsa n'kumaperekera ogulitsa maluwa. Zinali zotsika mtengo, moti maluwa akafota anthu ambiri ankangozitaya, ndipo ichi ndicho chachititsa kuti zimene zinatsala zamphumphu zizifunidwa lero.

Mayi amene amagulitsa m'sitoloyi ndimawayamikira chifukwa katundu wawo amamudziwa ndipo sabisira wogula. Tsiku loyamba, nditatengeka ndi nkhope ya mutu wina wovala chipewa chakuda, iwo anandiuza kuti, "Bambo, musayambe ndi nkhope, tembenuzani kaye muone kunsi." Kunsiko kunali chilembo C chotsatana ndi manambala komanso chaka cha 1958, monga mmene Napco inkadindira zoumba zake zambiri. Za Inarco nambala yake imayamba ndi E, ndipo popeza kampaniyi inayamba mu 1960 mumzinda wa Cleveland ku America, munthu wokuuzani kuti mutu wa Inarco ndi wa m'ma 1950 walakwitsa. Mayiwa anandichenjezanso kuti kusowa kwa chidindo si umboni wakuti chinthucho n'chonyengezera, chifukwa mitu ina inkangomatidwa kapepala konyezimira kamene kamachoka ukatsuka ndi madzi.

Pamene ndinawakhulupirira kwenikweni ndi pa nkhani ya zilema. Mitu imeneyi imawonongeka m'malo odziwika: nsidze zotukuka, m'mphepete mwa chipewa, ndi zala za dzanja limene kawirikawiri limakhala litaimikidwa pafupi ndi tsaya. Popanda ine kufunsa, iwo anayatsa tochi ya foni n'kundionetsa kamzere ka guluu pa chala chaching'ono cha mutu umodzi, kamene maso anga sakanakaona, kenako anandiuza kuti ndiyendetse chikhadabo pa nsidze kuti ndimve ngati zinabenthuka. Anandilolanso kusuzumira mkati, mmene madzi a maluwa amasiya zipsera, ndi kuyang'ana timing'alu tating'ono timene timabwera pa utoto wonyezimira zaka zikapita. Ndolo ndi mikanda yooneka ngati ngale, zimene mitu yambiri inkavekedwa, amazisunga m'timapepala tolembedwa nambala ya mutu wake kuti zisasokonekere, ndipo chisamaliro chotere sindinachionepo kwina.

Vuto la sitoloyi lili pa mitengo, ndipo pamenepa sindigwirizana nawo mayiwa. Iwo amatsegula eBay, msika wa pa intaneti, pa foni n'kutenga mtengo umene ogulitsa akupempha, pomwe mtengo woona wa chinthu chakale ndi umene wina analipiradi. Mitu yosowa, monga wa Jacqueline Kennedy, mkazi wa pulezidenti wakale wa America John F. Kennedy, umene Inarco inatulutsa mu 1964 kapena youmbidwa pamanja ndi Betty Lou Nichols ku California, imagulidwa pa madola mazanamazana, koma mitu wamba ya mainchesi asanu kapena asanu ndi limodzi imathera pa madola makumi ochepa chabe. Choncho zinandiwawa kuona mutu wa chala chomata uja, umene iwo eni anandionetsa chilema chake, atauikira mtengo wofanana ndi wa unzake wamphumphu. Nditawaonetsa mitengo ya zimene zinagulidwa kale anatsitsa ndithu, ngakhale kuti tinakambirana nthawi yaitali.

Kukulunga nakonso kumafunika kukonzedwa, pakuti amangozinga ndi nyuzipepala, ndipo nsidze zadothi sizingapirire kuthinana kwa mu minibasi. Ine ndinagula wa chipewa chakuda uja, wokhala ndi ndolo zake zonse ziwiri, ndipo ndinabwerera tsiku lotsatira ndi katoni ndi chitenje kudzautenga. Amene akufuna kupitako apite m'mawa kuwala kukadalowa bwino pakhomo, chifukwa mkati mwa sitoloyi mumachita mdima madzulo, ndipo timing'alu sitioneka.